Nyumba Imene Sinapezeke ndi Udzudzu

Mvula inali itagwa usiku wonse, ndipo m'mawa mwake phiri la Malosa linali litafunda nkhungu. Mtsinje wa Domasi unkasokosera kumunsi, achule asanaleke kulira kudambo. Kenaka tinamva galimoto ikubuula m'matope kuchokera cha kumsewu wa ku Liwonde. Panali patapita zaka zochepa dziko litalandira ufulu, ndipo ine ndinali pachikamwini kwa Malemia, kwawo kwa malemu mkazi wanga.

M'galimotomo munali dokotala wofufuza za malungo ndi bambo wina wachikulire womasulira. Ntchito yawo inkayenda motere: ankayala nsalu zoyera pansi m'nyumba, kutseka chitseko, kupopera mankhwala, kenaka n'kutola udzudzu wogwera pansaluzo. Nyumba zopezeka ndi udzudzu wambiri ankazisankha kuti azibwerako kawirikawiri, kudzayeza magazi a eni ake ndi kuwapatsa mankhwala matenda asanakule.

Ife zimenezi sitinkazidziwa. Tinangouzidwa kutchalitchi kuti kubwera mlendo wodzalowa m'nyumba zathu. Mkazi wanga anali munthu wolemekeza alendo. Dzulo lake anazira pansi, anasesa akangaude kudenga, ndipo kutangocha anafukiza masamba a mpungabwi mpaka tonse tinatuluka tikutsokomola.

"Mlendo asadzalumidwe m'nyumba mwanga," anatero.

Nsalu inatuluka mbee ngati mmene inalowera. Dokotala uja anathokoza mwaulemu n'kupita nyumba yotsatira, ya mng'ono wake wa mkazi wanga, amene ndinkawatchula kuti alamu. Amuna awo anali mkamwini mnzanga, munthu wanthabwala, wosadziwa kufolera denga. Chitseko chawo chinkatsekedwa ndi mtondo. Nsalu yawo inatuluka itada bii, ndipo nyumba yawo inasankhidwa.

Kuyambira pamenepo galimoto inkadutsa pakhomo panga n'kukaima kwawo. Ana awo ankabayidwa chala, kadontho ka magazi n'kupakidwa pakagalasi, ndipo wina akapezeka ndi malungo ankalandira mankhwala asanayambe n'komwe kunjenjemera. Ine ndinkaonera ndili kumunda, nditatsamira khasu.

"Achimwene, ukhondo wakudyerani mwayi," ankatero mkamwini mnzanga uja. "Ndikubwerekeni udzudzu pang'ono? Ndili nawo wa mbewu."

Ndinkaseka nawo, poti anthu ankaseka.

Dzinja lotsatira mkazi wanga, ali woyembekezera, anayamba kumva mutu. Anati ndi kutopa kwa kupalira. Pamene thupi linatentha kwenikweni tinamunyamula pamachira kupita naye kuchipatala, koma tinali titachedwa. Malungo anamutenga pamodzi ndi pathupi pake, n'kundisiyira mwana mmodzi wamkazi amene tinali naye kale. Akuchikazi sanandithamangitse, anati ndikhale ndilere mwanayo, motero ndinatsala pakhomo pomwepo, moyang'anizana ndi chitseko cha mtondo chija.

Dokotala anamaliza ntchito yake n'kuchoka, koma dzina lake silinachoke. Tinamva kuti zimene analemba zikuwerengedwa m'masukulu a madokotala kutali, ndipo ofufuza ena akamalemba zawo amayamba atchula iye. Alendo anayamba kubwera chaka ndi chaka kudzaona mudzi umene anawerenga m'buku. Ena ankabwera ndi bukulo. Munali chithunzi cha nyumba ya alamu, denga lake lodontha lomwe lija, iwo ataima pakhomo ndi ana awo onse, amoyo.

"Udzudzu wanga wafika ku Ulaya ine ndisanafike ndi ku Blantyre komwe," ankatero amuna awo, akugwira alendo chanza ndi manja awiri. "Achimwene, bwerani mudzajambulitse nawo. Muime kumbuyo, ndinu wamtali."

Sindinapiteko. Ndinkadziwa kuti palibe anaba kanthu kanga. Komabe ndikaona ana awo akuthamanga pabwalo, ndinkawawerenga ndi mtima wowawa. Ndikamva dzina la dokotala likutamandidwa, ndinkadzifunsa ngati m'buku lonselo munali mzere ngakhale umodzi wonena za mayi amene anasesa nyumba yake. Lamulungu la Mgonero ndinkagwada mzere umodzi ndi alamu ndi amuna awo, chikho chikuchoka pamilomo yawo kubwera kwa ine. Patapita nthawi ndinaleka kupita kutsogolo. Abusa atandifunsa, ndinangoti ndikudikira mtima. Sanandikakamize.

Mwana wanga atakula pang'ono anadwala malungo aakulu, ine ndili ku Naisi kogula mchere. Pobwera ndinapeza pakhomo palibe munthu. Alamu anali atamubereka kale kumbuyo, amuna awo akutsogola panjinga yobwereka kukadziwitsa achipatala. Iwo anazindikira msanga, poti zaka zonse zija ankamva dokotala akufotokoza zizindikiro pakhonde pawo. Nditawatsatira, wachipatala amene anawalandira anati kayezedwe ka ana ka m'dera lino anakaphunzira m'zolemba za dokotala yemwe uja.

Mwanayo atatsegula maso n'kupempha madzi, mkamwini mnzanga anakhala pansi pakhonde la chipatala. Sananene nthabwala iliyonse. Ndinapita kukakhala pambali pake.

Sanandipepese, chifukwa sankadziwa kuti ndinali nawo chifukwa. Dokotalayo mwina sankakumbukira n'komwe nkhope yanga. Koma onsewo, alamu, amuna awo ndi dokotala, ndinawakhululukira.