Chisanu chimene mawu a Dabwiso ankalira m'mafoni

Ndikakumbukira chisanu cha chaka chimenecho, choyamba kubwera m'maso mwanga ndi mlongo wanga wamwamuna Dabwiso atakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, manja atawapisa m'juzi, akuyang'ana utsi wa kufakitale ya feteleza ukukwera kumwamba kopanda mtambo. Mphepo ya Juni inkachokera kumtsinje wa Kafue itasenza fungo la nsomba zouma ndi la udzu wopserera, ndipo ife ana milomo inkang'ambika, miyendo itatuwa ngati tagona m'phulusa. M'mawa ine ndinkakoleza malasha pambaula n'kutereka kandolo, mbatata ija yomwera tiyi, iye n'kumapita kumpopi ndi zigubu. Kale ankapita akuimba, pakuti munthu wachibwibwi akamaimba lilime silikodwa. Chisanu chimenecho ankapita duu, n'kubwerako duu.

Ine ndinali mu giredi sikisi, iye mu giredi folo. Zinayambira kutchalitchi kwathu pa tsiku la ana. Dabwiso anapatsidwa vesi loti akanene pamtima, ndipo analiloweza potsuka mbale, posamba, ngakhale pothamangitsa nkhuku. Tsikulo Amayi anamusitira malaya oyera ndi simbi yamakala. Ataima kutsogolo n'kugwira maikolofoni, anafuna kuyamba wapereka moni, koma mawu anamukanirira pakhosi: "Mu-mu-mu-mu-mu..." Mpingo unadikira, azimayi ena n'kumamulimbitsa ndi ameni, mpaka moni uja unatuluka, vesi lonse n'kutsatira bwinobwino osaphonya. Tinabwerera kunyumba tikunyadira. Sitinadziwe kuti Mutale, mwana wa mkulu wa mpingo amene ankagwira ntchito muofesi kufakitale, anajambula zonse ndi foni ya kamera imene bambo ake anamugulira. Vesi lija analidula n'kulitaya, n'kusunga mu-mu-mu yekha.

Masiku amenewo zinthu zinkayenda ndi bulutufu. Anthu ankangogundaniza mafoni, chinthu n'kudumpha ngati nthata kuchoka pa galu uyu kupita pa uyo. Mawu a mlongo wanga anachoka kusukulu n'kufika kubabashopu, kometera tsitsi kuja kwa pafupi ndi msika, kumene ife opanda magetsi tinkatchajitsa mafoni. Kuchoka apo anafika kwa anyamata oitanira maminibasi a ku Lusaka, ndipo wina wa iwo anawasandutsa kaliridwe ka foni. Dzina loti Dabwiso linafa, anthu n'kumangoti Mumumu. Tsiku lina ndikuthandiza Amayi pa tebulo lawo la repu ndi tomato, foni ya mayi wina amene ankasankha anyezi inalira m'chikwama ndi mawu a Dabwiso. Mayiyo anaseka asanaiyankhe. Amayi anamukulungira anyezi wake n'kumupatsa osamuyang'ana kumaso. Dabwiso anasiya kukweza dzanja m'kalasi, kenako anasiya kuyankha dzina lake, pomaliza ngakhale pa nshima ankangoloza mchere ndi chala.

Sindinadziwe kuti mtima wa mwana ungasunge chidani chochuluka chotero. Anzanga akamasewera chiyato ndi waida pafumbi, ine ndinkakhala pambali ndikupha Mutale m'maganizo. Ndinkamugwetsera pa mlatho wa sitima, ndinkamupereka kwa ng'ona, ndinkaponya foni yake m'chimbudzi iye akuona. Kutchalitchi ankatiphunzitsa kuti kubwezera n'kwa Mulungu, ine n'kumaona kuti Mulungu akuchedwa. Akulu amati choipa chitsata mwini, koma Mutale ankayenda m'tauni ndi nsapato zoyera, foni ili m'manja, popanda chomutsata. Ndinatsimikiza kuti chomutsatacho ndikhala ineyo.

M'tchire la kunjira ya kumtsinje munali chitedze, ndipo nyengo yozizira ndiyo imene nyemba zake zimakhwima, ubweya uja wofiirira utaima. Ndinavala timapepala tapulasitiki m'manja n'kupalira ubweyawo m'kabokosi ka machesi. Loweruka Amayi anandituma kukatenga foni yawo kotchajitsa. Inali yakale, yomanga ndi mphira, yoimbira alimi a ku Shimabala akafuna ndiwo, koma kamera inali nayo. M'malo mobwerera kumsika ndinakhotera kubwalo kumene anyamata ankamenya chimpombwa, mpira uja womanga ndi mapepala. Iwo ankavula majuzi n'kuwaunjika ngati zigoli, ndipo ya Mutale, yabuluu ya mizere, sinali yovuta kuizindikira. Mpira utapita kutsidya, ndinakhuthulira kabokosi konse m'khosi ndi m'khwapa mwa juziyo, n'kukabisala kuseri kwa chulu.

Masewera atatha Mutale anavala juzi yake. Anayenda pang'ono, n'kukanda pakhosi. Kenako anakanda ndi manja onse, n'kuvula juzi, n'kuvula malaya, n'kuyamba kudzigudubuza pafumbi akulira mayi ake m'Chibemba, mamina ali chuchuchu. Anzake anamuzungulira akuseka mpaka ena kugwa. Ine ndinajambula zonse, ndipo ndikunena zoona kuti chiyambire sindinalawepo chinthu chokoma ngati mphindi zimenezo. Cholinga changa chinali choti mawa lake ndikasiye chojambulacho kubabashopu kuti nachonso chiyende.

Ndinayamba ndaonetsa Dabwiso, ndikuyembekeza kuti aseka. Anayang'ana mpaka pamene Mutale anayamba kulira, n'kundibwezera foni, n'kutembenukira kukhoma. Ndikanali wokhumudwa choncho, Amayi analowa n'kuona zala zanga zitatupa, pakuti chitedze sichisankha mwini.

"Iwe, manja aya wachita nawo chani?"

Ndinawapatsa foni. Anaonera mpaka kumapeto, n'kubwerezanso, ndipo ndikulumbira kuti pakona pa mlomo wawo panagwedezeka. Anafunsa ngati ndatumizira wina aliyense. Nditakana, anamanga chitenje mwamphamvu n'kutiuza tonse awiri kuti tivale nsapato.

Kwa a Mutale kunali kunyumba za fakitale, za mipanda ya maluwa. Tinamupeza atakhala pakhonde, thupi lonse atamupaka mafuta, maso ali psuu. Amayi anakana mpando. Anaika foni m'manja mwa bambo ake.

"Bashi Mutale, onani ichi. Chili mu foni yanga chabe, sichinachoke. Manje cha mwana wanga chili mu tauni yonse."

Bamboyo anali munthu wofatsa, ndipo zinaoneka kuti nkhani ya mu-mu-mu ankaimva koyamba kuti inachokera m'nyumba mwake. Anavula magalasi n'kupukuta kumaso.

"Bamake Dabwiso, pepani maningi. Nizamumenya, na foni nizamupoka. Koma manzi yakatayika siyawoleka."

"Yazawoleka," anatero Amayi. "Wamene anayataya azayawola na manja yake. Foni osamupoka, ayende nayo."

Ndi mmene Mutale anayendera tauni ya Kafue Loweruka lotsatira, bambo ake ali pambuyo, ine ndili pambali pawo ngati mboni. Anayambira kubabashopu, n'kulowa mumsika mzere ndi mzere, kwa ogulitsa kapenta, kwa a salaula, kwa osoka nsapato, mpaka pasiteshoni ya maminibasi. Pa munthu aliyense ankayenera kuima, kupereka moni, kunena ndi pakamwa pake kuti ndiye anajambula mwana wachibwibwi m'tchalitchi, n'kupempha kuti afafanize. Ena ankafafaniza mwamanyazi osamuyang'ana. Mayi wina wa nsomba anamulalatira mpaka anthu kusonkhana. Anyamata a pasiteshoni anamuuza kuti abwereze mokweza chifukwa sakumva, ndipo pamenepo mawu anayamba kumuthawa, lilime likukodwa, anthu akumudikira ndi maso. Ine sindinamumvere chisoni ngakhale pang'ono. Ndinkangofuna msikawo ukanatalika kufika ku Shimabala.

Titabwerera pa tebulo la Amayi, anandipatsa foni yawo n'kundiuza kuti ndifafanize changa Mutale akuona. Ndinakana, ndinalira, ndinati ndibwereke tsiku limodzi lokha. Anangondiyang'ana mpaka chala changa chinadina. Atatero anatiuza tonse awiri, ine ndi mdani wanga, kuti nkhope ya munthu ndi mawu ake n'zake, sutenga osapempha, monga sungatenge tomato patebulo pa wina chifukwa choti mwini wayang'ana kumbali. Chilango cha chitedze ndinachilandira kunyumba, ndipo sindinapepese.

Madzi aja sanawoleke onse. Mpaka mvula yoyamba kugwa, mu-mu-mu ankamvekabe apa ndi apo, m'minibasi kapena pamzere wa kuchigayo, kenako anthu anapeza china choseka. Dabwiso anayambanso kulankhula pang'onopang'ono, poyamba kwa Amayi, kenako kwa ine. Kutsogolo kwa mpingo sanaimenso. Lero ndi bambo wa ana awiri, amakonza mafiriji, ndipo makasitomala ake amadziwa kuti amalemba uthenga, sajambula mawu.

Chimene chinatha nthawi imeneyo, mmene ndikuonera tsopano, ndi kuiwala. Ife tisanakhale ndi mafoni, mwana akagwa pagulu anthu ankaseka, dzuwa likalowa nkhani n'kuthera pomwepo. Dabwiso anali mmodzi wa ana oyamba m'tauni mwathu amene manyazi awo anakana kufa. Lero chinthu chimafika ku Kitwe munthu asanadzuke pamene wagwa, ndipo palibe msika umene mwana angayende kuti akachiwole. Mwana wanga wamkazi ali ndi foni, sindinamuletse. Koma tsiku limene ndinamugulira ndinamutengera kwa amalume ake, ndipo Dabwiso anamufotokozera yekha nkhani yonseyi, mwa liwiro lake, mwanayo n'kudikira mawu aliwonse mpaka atatuluka. Akafuna kujambula munthu amayamba wapempha, ndipo akaona anzake akuseka wina pafoni amabwera kudzandiuza ali wokwiya, mkwiyo umene ndimaudziwa kumene unachokera.

Mutale adakali mu Kafue, ndipo anthu amati anakula bwino. Dabwiso anamukhululukira kalekale, amapatsana moni wa m'manja. Ine tikakumana pamsika, akandipatsa moni, ndimamuyang'ana kaye osayankha, n'kumusiya aime pomwepo adikire.