Mwanayu Amagona kwa Ndani?

Unkhoswe umenewo sindinachite kuupempha. Kuno ku London amalume ndi osowa, ndiye achinyamata akafuna kukwatirana amangoponya maso m'tchalitchi kuona kuti wa imvi ndani, wosamwa ndani, amene angaime kutsogolo osachititsa anthu manyazi. Chala chinaloza ine. Mkwatibwi anali nesi mnzanga wamng'ono wa ku Dedza, amene ndinakamulandira ndekha kubwalo la ndege ali ndi sutikesi imodzi ndi kajuzi kopyapyala ngati sefa. Mwamuna anali wa ku Mzimba, woyendetsa basi, waulemu, wosalankhulalankhula. Ndinaima mbali ya kuchikazi, ndinalangiza, ndinavina mpaka bondo kutupa. Magazi amodzi panalibe pakati pa ine ndi mkwatibwiyo, koma tsiku limenelo palibe anafunsa.

Banjalo linakhala zaka zisanu ndi ziwiri, basi linatha. Chimene chinalithetsa sindinena, ndinachimva monga nkhoswe ndipo ndidzapita nacho kumanda. Anasudzulana kukhoti, mkazi anakapeza chipinda ku Ilford, mwamuna anawoloka mtsinje kukakhala ku Woolwich. Pakati panatsala mwana mmodzi, mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi, wamaso aakulu, wodana ndi mazira ngati anamulakwira.

Onse awiri ankagwira ntchito usiku, poti usiku ndiwo umalipira bwinoko. Ine ndinali nditapuma pantchito, ndili ndekha m'fulati yanga ku Barking, ana anga atakula n'kubalalika. Sukulu ya mwanayo inali pafupi ndi kwathu. Zinayamba ndi mawu akuti, "Anti, Lachiwiri lokha, mundithandizeko." Kenako Lachiwiri linabala Lachinayi, Lachinayi linabala Loweruka, bambo nayenso anayamba kundiimbira foni. Pomatha zaka ziwiri mwana uja anali ndi mswachi wake m'bafa mwanga, mayunifomu awiri m'kabati, ndi kiyi wa chitseko changa pachingwe chimene ndinamumangirira ndekha m'khosi.

Sindinama, ndinamukonda mwana ameneyo kuposa mmene zimayenera kukhalira. Ndinkamuluka tsitsi Lamlungu madzulo iye akudandaula kuti ndikukoka. Ndinkadziwa kuti nsapato zamuthina asananene. Chichewa ankamva chonse, ngakhale miseche yathu ya amayi pafoni, koma poyankha Chingerezi chokhachokha. Ndinayesa kumunyengerera ndi mandasi kuti anene ngakhale mawu amodzi a kwathu, iye n'kumangoseka, kulanda mandasiwo n'kuthawira kuchipinda.

Tsono ife manesi tili ndi matenda amodzi osachizika: chimene sichinalembedwe sichinachitike. Pafiriji panga pankakhala kalendala, ndipo usiku uliwonse umene mwanayo wagona kwanga ndinkaikapo kamtanda ndi bolopeni yofiira. Si kuti ndinkafuna kudzalipiritsa munthu, ayi, ngakhale khobidi sindinalandirepo. Ndinkangofuna kudziwa tsiku logula mkaka, tsiku lochapa yunifomu, tsiku la kusambira kusukulu. Masamba a miyezi yotha sindinkang'amba, ndinkangowapindira kumbuyo.

Mkangano unabwera ndi kalata. Kuno boma limapereka kandalama kothandizira kulera mwana, kudzera ku ofesi ya misonkho, ndipo kamapita kwa kholo limodzi lokha, lija lokhala ndi mwanayo. Chibadwire cha mtsikanayo kankapita kwa mayi ake. Ndalamayo payokha si yoti anthu n'kutukwanirana. Nkhani inagona papepala. Amene dzina lake lili pamenepo ndiye amaoneka kuti akulera mwana, ndipo akapita kukhonsolo kukapempha nyumba ya zipinda ziwiri, pepalalo limamulankhulira. Onse awiri anali m'zipinda za lendi, khitchini yogawana ndi alendo, ndipo onse ankalota nyumba imeneyo. Mnzake wina wa kuntchito anamunong'oneza bamboyo, iye anadzaza fomu mwakachetechete. Ofesi itaona makolo awiri pa mwana mmodzi inalembera onse kuti agwirizane okha, apo ayi anene kumene mwana amagona kuti iyo igamule.

Mayi uja anandiimbira ali kuwodi.

"Anti, mwamva zomwe wapanga munthu wanu uja? Wakapanga claim mwana wanga! Mwana wobereka ine, opareshoni ndinapangidwa ine!"

Ndinati aleke kukuwa pamaso pa odwala, tikhala pansi Lamlungu tikaweruka kutchalitchi. Unkhoswe sutha ndi chisudzulo, bola pali mwana. Ndinamuimbiranso bamboyo, anavomera mwaulemu wake uja.

Anafika Lamlungu masana, wina ndi sitima wina ndi basi, osapatsana moni pamasitepe. Mwana ndinamutumiza kuchipinda ndi mbale ya mandasi ndi zomvera m'makutu. Chimene sindinayembekezere n'chakuti aliyense anabwera ndi wamkulu wake m'thumba. Mayi anatulutsa foni n'kuitsamiritsa pa tipoti, pagalasi panaoneka amalume ake ali ku Dedza, atakhala pampando panja, nkhuku zikulira kumbuyo. Bambo anatsamiritsa yake pachitini cha shuga, panaoneka bambo ake ku Mzimba atavala jekete ndi tayi ngati akupita kukhoti. Tinapemphera, mafoni onse awiri anati ameni, imodzi mochedwa.

Anayamba ndi amalume a ku Dedza.

"Kwathu nkhaniyi ndi yosavuta. Mwamuna ndi wobereketsa chabe. Mwana ndi wa kuchikazi, mbumba ndi yanga. Bomalo likafuna kudziwa mwini mwana, lifunse ine."

Mkulu wa ku Mzimba anakonza tayi yake.

"Pepani bambo, ng'ombe tinapereka ndipo munalandira ndi manja awiri. Ina inali ndi bere. Kwathu mwana wa lobola ndi wa kwa bambo ake, ngakhale banja lithe."

Amalume anati ng'ombezo anazilandira ngati mphatso ya ulemu, sanagulitse mbumba. Winayo anati ngati inali mphatso abweze. Netiweki inkaduka, nkhope zinkauma pagalasi kukamwa kuli yasa, ikabwerera aliyense n'kuyambiranso poyamba. Mayi ndi bambo nawo analowerera, uyu akuti ndimagula nsapato ndine, uyo akuti jekete la chisanu anagula ndani. Tiyi anazizira m'makapu. Ola lathunthu linatha, ndipo kalata ya boma inali pomwepo patebulo ndi funso lake limodzi, popanda woliyankha.

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndinabadwa choncho ndipo imvi sizinausinthe. Ndinadzuka, ndinapita kukhitchini, ndinachotsa kalendala pafiriji n'kuiponya patebulo pakati pa mafoni awiriwo.

"Kalatayi sikufunsa za ng'ombe, sikufunsa za mbumba. Ikufunsa kuti mwana amagona kuti. Werengani nokha."

Ndinatembenuza masamba mmodzimmodzi. Mwezi uliwonse unali wofiira ngati munthu wa chikuku, sabata iliyonse timitanda tisanu, pena tisanu ndi kamodzi. Ngakhale tsiku lake lobadwa linali ndi kamtanda. Mumtima ndinkati achita manyazi. Ndinkaona kale mayi akulira, bambo atazolika, onse akuti Anti mwatitsegula maso, tasiya kukangana. Ndinali nditakonzeka ngakhale kuwakhululukira.

Bambo anakoka kalendala n'kuyamba kuwerenga timitanda ndi chala, milomo ikugwedera. Mayi sanayang'ane kalendala, anayang'ana ine, ndipo maso amenewo sindinawaonepo chimudziwireni.

"Anti, zimenezi mumalemberanji?"

Ndinati mkaka, mayunifomu.

"Mkaka? Zaka ziwiri mukusunga record ya mwana wanga chifukwa cha mkaka? Mumafuna mukapereke kwa ndani?"

Ndisanayankhe, bambo analankhula chapansipansi, osati kwa ine koma kwa mkazi amene anasudzulana naye.

"Ichi a boma akachiona, anena kuti mwana sakhala kwa iwe, sakhalanso kwa ine. Tonse tiluza. Mwinanso atitumizira a social, aja olanda ana."

"Ndi zomwe ndikuona," anatero mayi. Kenako anatembenukira kwa ine. "Nanga si amene amakhala ndi mwana ndiye amalandira? Anti, tiuzeni zoona. Mukufuna mupange claim inuyo?"

Ndaona zambiri pantchito yanga, anthu akufera m'manja mwanga, abale akumenyanirana mphete mtembo usanazizire, koma zotere ndinali ndisanazionepo. Munthu amene ndinamuveka jekete langa kubwalo la ndege, amene ndinamugwira dzanja kuchipatala pobereka, ankandifunsa m'nyumba mwanga ngati ndikufuna kumubera kandalama ka boma.

Pamenepo foni ya pa tipoti inatsokomola. Amalume anayandikitsa nkhope pagalasi mpaka kungooneka mphuno.

"Pepani, ndafuna ndimvetse. Kodi mayi akulankhulawa ndi ndani wake mwanayu? Ndi a mbali iti?"

Ndinadikira. Ndinkaganiza kuti mayi uja anena kuti ndi ankhoswe athu, kapena ndi amayi anga a kuno, monga ankanenera pamaso pa anthu zaka zonsezi.

"Ndi amayi ena ake a kutchalitchi, amalume," anatero. "Amangotithandizako."

Mkulu wa ku Mzimba anagwedeza mutu. Anati mwana wokhala ndi makolo onse awiri amoyo sayenera kukulira kwa anthu, n'zochititsa manyazi mtundu. Amalume anati apo ndiye mwanena zoona, bambo. Aka kanali koyamba kuti mafoni awiriwo agwirizane.

Zimene ine nkhoswe ndinalephera m'zaka zonse zija, kalendala inazichita m'mphindi zisanu. Anagwirizana kuti mwana azigona masiku ena ku Ilford, ena ku Woolwich, asinthe mashifiti, za kalata akambirana awiriwo. Kwa Anti asagonenso, kuopa kuti nkhani ingafike pena. Akuluakulu a pafoni anathokozana, anatamanda Mulungu, amalume mpaka anandithokoza ine chifukwa cha malo. Mayi anatenga kalendala yanga, anaipinda pawiri n'kuilowetsa m'chikwama chake. Ndinangoyang'ana, dzanja osatambasula.

Anamuitana mwana. Anatuluka shuga ali pamilomo, zomvera zili m'khosi pamodzi ndi chingwe cha kiyi. Kaya anamva zingati, sindidziwa mpaka lero. Anayang'ana mayi ake, bambo ake, kenako ine, n'kufunsa m'Chingerezi chake chija kuti lero agona kuti.

Mayi anayang'ana pafoni. Bambo anayang'ana pafoni. Onse awiri anali pashifiti usiku womwewo.

Ndinatsala pang'ono kuseka. Ndinati mumtima, nenani tsono kuti Anti, lero lokha. Ndikanavomera, ndikulumbira, ndi chipongwe chonse chija ndikanavomera. Palibe ananena. Bambo anatuluka pakhonde, ndinamumva akuuza a kuntchito kwake kuti wadwala m'mimba. Mwana anafunsa ngati zovala zogonera azisiye. Mayi ake anati tenga zonse.

Sabata imeneyo ndinagulabe mkaka wa anthu awiri, unawola m'firiji. Mswachi wake mwanayo anauiwala m'kapu, ndipo ndinkauyang'ana m'mawa uliwonse ngati chitsiru. Ndinadzifunsa kambirimbiri kuti ndikudandaula chiyani. Si zimene ndinkafuna, kuti mwana agone kwa makolo ake? Ndinkafunadi, koma ndinkaganiza kuti ine ndikhalabe penapake pamzerepo. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ndinaukhulupirira mwambi umenewo ndi mtima wonse, osadziwa kuti pafomu palibe malo ake. Ndinadzikwiyiranso ndekha. Ndikanatseka pakamwa, akanakangana mpaka kutopa, mwana akanabwera Lolemba monga mwa masiku onse.

Za kalata ija ndinamva kwa amayi anzanga kuti dzina linatsala la mayi, nyumba sanaipezebe. Ndinamvanso kuti mashifiti sanasinthe kwenikweni, mwana amagona pena kwa mayi wina woyandikana nawo ku Ilford, pena kwa chibwenzi cha bambo ake. Mapanga awiri avumbwitsa, nanga anayi? Ndinaimba foni kawiri, sinayankhidwe, ndinaleka.

Patapita mwezi ndi theka anabwera kutchalitchi. Titaweruka ndinali kuholo ndikutsuka makapu, ndinangomva wina akundikoka chitenje. Anali iyeyo, tsitsi lolukidwa ndi dzanja lina, mizere yokhotakhota. Mayi ake anaima pakhomo chikwama chili m'khwapa, akuyang'ana kunja. Ndinapukuta manja kuti ndimukumbatire, koma mwana anabwerera m'mbuyo pang'ono, anapinda maondo monga amachitira ana a kumudzi, n'kundipatsa envelopu ya chopereka ndi manja awiri. M'katimo munali kiyi wanga, chingwe chili pomwepo, mfundo yake yomwe ndinamanga ine.

Kenako anayang'ana pansi, n'kulankhula pang'onopang'ono ngati akuloweza vesi.

"Amayi akuti zikomo kwambiri chifukwa cha zonse. Mutsale bwino."

Zaka ziwiri ndinamunyengerera ndi mandasi kuti andilankhule Chichewa. Sanalakwitse ngakhale liwu limodzi.