Mabuku Oyezedwa ndi Chingwe

Ndinagwira ntchito zaka zingapo m'kachipinda ka mabuku mu ofesi ya phungu wa dera lathu ku Mutare. Nyumba ya Malamulo inkatitumizira kuchokera ku Harare mabuku a zokambirana za aphungu ndi a malamulo ovomerezedwa, achikuto chobiriwira, malemba agolide pamsana. Ine ndinkawadinda, kuwandandalika ndi kubwereketsa. Obwera anali ochepa: aphunzitsi, ophunzira a ku Old Mutare, ndi madala opuma pantchito ya njanji. Aphungu athuwo sindinawaonepo atatsegula ngakhale limodzi. Sindinkawaweruza. Ndinkati mwina amawerengera kwina.

Nthawi imeneyo mkazi wanga anali atayamba kudwala. Anabadwira ku Mutare konkuno, koma poti bambo ake anachokera ku Dedza, chitupa chake chinali ndi chilembo chija chosonyeza kuti ndi mlendo. Bambowo anabwerera kwawo n'kukamwalirira komweko, ndipo iye ankafuna pasipoti kuti akaone manda awo asanafooketu. Tinamva kuti lamulo la unzika lasinthidwa mokomera ana a anthu ochokera m'maiko oyandikana. Kalaliki wa pawindo ku ofesi ya mapasipoti anamuuza m'Chishona kuti iye sanalionepo, ngati lilipodi abwere nalo.

Buku lokhala ndi lamulolo linafika, lochindikala, mapepala ake opyapyala ngati a Baibulo. Tsambalo ndinalipeza Lachisanu, ndipo ndinakonza zoti Lolemba tipite nalo awiri.

Masana omwewo analowa dalaivala wa aphungu, chingwe chili m'manja.

"Madala, a shefu, abwana athu, andituma mabuku."

"Mabuku ati, mwana wanga?"

Anatambasula chingwecho pa shelefu. "Kuyambira apa mpaka pa mfundo iyi. Mizere itatu. Obiriwira okhaokha."

Aphungu anali atalandira pulazi, famu yaikulu, cha ku Odzi. Mwini wakale pochoka anasiya m'nyumbamo kabati yamagalasi yopanda kanthu, ndipo kunali kubwera alendo olemekezeka. Ndinamuuza dalaivalayo kuti buku limabwerekedwa potchula dzina lake.

"Dzina la chiyani, madala? Ofesi ino ndi ya ndani? Munthu amabwereka mpando wake womwe?"

Ndinapatula buku la unzika lija. Iye anayezanso, n'kupukusa mutu. "Popanda ili chingwe sichikwana. Lolemba libwera."

Malolemba anadutsa, mkazi wanga akuwonderawondera. Potsiriza ndinakwera kombi kupita ku pulaziko. Anandilandira mayi a kunyumba kwa aphungu, akundiitana kuti sekuru, ndiye kuti agogo m'Chishona, zibangili zikulira m'mikono.

"Sekuru, bwerani muone! Mabuku anu akongola kuno, osati m'fumbi lanu lija."

Anali atawandandalika motsata msinkhu, ena chadodolido. Ndinatsegula galasi n'kukoka langa lija. Linatuluka mopepuka ngati mkate. Kabatiyo inali yosazama, ndiye anaitana kalipentala kuti acheke buku lililonse pakati, kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mzere uliwonse unkayamba bwinobwino n'kuthera m'malere.

"Nanga tikanatani, sekuru?" anatero mayiwo. "Chitseko chinkakana kutsekeka."

Sananene mwamanyazi ayi. Ankayembekezera kuti ndiyamikire nzeru zawo. Ndakhala ndikupemphera ndi anthu akuba, ndi oledzera, ndipo mwa aliyense ndinkapeza kena kake kolemekeza. Tsiku limenelo ndinayang'ana m'chipinda chonsecho, golide ali waliwali kuseri kwa magalasi, osapeza kanthu.

Ndinafunsa za zidutswa zochekedwazo. Anandilozera kuseri kwa shedi ya fodya. Kumeneko ndinapeza nkhalamba ina ya antchito akale a pa pulazipo, malankhulidwe ake a ku Ntcheu enieni, ikupichira fodya.

"Achimwene, pepala ili ndiye pepala," inatero ikundiwonetsa. "Silizima, silinunkha. Lochindikala lija tinayambira lomwelo, linatha kale. Mukufuna ndikupichireni?"

Chitupa chake chinali ndi chilembo chomwe chija. Sindinamukwiyire. Pa pulazi yonseyo ndi iye yekha amene malamulo a dziko anamuthandizapo.

Ndinapita nalo kunyumba theka lotsalalo. Mkazi wanga anavala magalasi, n'kuwerenga mizere yoduka ija mokweza monga amawerengera Salimo ku mvano. Anaseka mpaka chifuwa chinamugwira.

"Bambo, phungu wanuyu mumati amawerengera kwina. Mwakuona kwinako?"

Kalaliki wa pawindo anakana kuyang'ana buku lodulidwa. Ndinapempha lina ku Harare, koma masiku amenewo mapepala ndi mafuta zonse zinkasowa. Linafika mvula itatha, ife titaika kale maliro. Ku Dedza sanapiteko.

Patapita masabata angapo dalaivala uja anabweranso, ulendo uno ndi kachingwe kafupi.

"Pepani za maliro, madala. Koma amayi akuti paja munachotsa buku pali mpata, pakuoneka ngati munthu wogweluka dzino."

Buku latsopano lija ndinali nditalitsekera m'dirowa, podikira ena a chilembo chija. Pakona panali buku lakale la manambala a foni, limene wina analikuta ndi chikuto chobiriwira. Ndinaliyeza ndi kachingweko, linakwana ndendende. Aphungu anakhala nalo mpaka anachoka pampando, ndipo dandaulo silinabwere.