Kasinja wa Amalume Andireya

Nditabwerako ku Lusaka, chaka cha chisankho cha matipate, ndinkadziyesa munthu woti waona zonse. Ndinali ndisanaone ngolo ya amalume anga, a Andireya, ku Nachisaka.

Amalumewa anagwira ntchito kukampu ya asilikali kuyambira ali mnyamata, koma mfuti sanaigwirepo. Ntchito yawo inali yotsuka magalimoto olondera aja anthu amati akasinja aang'ono: matayala anayi, thupi lonse chitsulo, zenera kamng'alu chabe. Ankawadziwa ndi chisanza ndi ndowa, koma akamafotokoza pabwalo unkachita kuti ndiwo ankawayendetsa.

Atapuma ntchito anang'amba migolo ya mafuta n'kukhomera ngolo yawo mbali zonse mpaka pamwamba, n'kungosiya kabowo kosuzumira. Anaipaka penti wobiriwira. Ankati masiku a matipate sadziwika, munthu azikhala wokonzeka. Nditawauza kuti kunja chinthu chotere anthu angalipire kuti achione, anati n'chifukwa chake kunjako ndinabwerako wowonda.

Nkhani inavuta pa ukwati wa mwana wawo Faines. Kuno akwati amachoka kutchalitchi atakhala pamipando pangolo, anthu akuvina m'mbali. Amalume analamula kuti mwana wa msilikali akwera kasinja basi. Faines anakalirira kuseri kwa nkhokwe. Diresi ndi velo anachita kukabwereka ku Mponela, ndiye amutsekere m'chimgolo ngati belo la fodya? Akuchimuna aona chiyani?

Amayi ake, a Anjelina, sanatsutse. Anangoti iwo anamva kuti galimoto ya nkhondo siyenda isanayesedwe, choncho mwiniwake alowemo, ayese njira yonse yochokera kutchalitchi. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo. Amalume anavala jekete la ukwati nalowa, ine n'kutseka kunja. Pachidikha ng'ombe zinakoka bwino, koma pachitunda zinaima, malilime ali panja. Mkatimo chitsulo chinayamba kulira.

"Mphwanga, tsegula."

"Adani akadali panja, amalume."

"Tsegula, iwe wa ku Zambia iwe."

Anatuluka ngati awoloka mtsinje wodzaza, jekete litamatirira kumsana. A Anjelina, amene ankatsatira pambuyo ndi chikho cha thobwa, anagwada n'kufunsa mwaulemu ngati nkhondo yatha.

Tsiku lomwelo amalume anazula misomali okha. Loweruka Faines anadutsa mudzi wonse ali pampando, velo ikuuluka, akuchimuna akululutira mpaka kusasa mawu. Chitsulo chimodzi chokha amalume anachisiya kutsogolo kwa ngolo, chofika m'mawondo mwa mkwati, ati pamenepo ndi pamene mdani amayambira.

Zitsulo zinazo anatchingira khola la mbuzi. M'mawa uliwonse amazitsuka ndi chisanza.