Mipata Itatu pa Khadi la a Otieno

Kalata yanga yoyamba yodandaula ndinailemba Lachiwiri la sabata loyamba la Epulo, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, nditangolandira malipiro anga oyamba muno mu Nairobi. Kope lake la kaboni ndili nalo. Makope a makalata ena khumi otsatira ndili nawonso, m'fayilo yobiriwira, pamodzi ndi malisiti a ku positi.

Nkhani yake inali imodzi. Lamulo la kuno limati wolembedwa ntchito aliyense, malipiro ake akafika pamlingo woikika, azidulidwa ndalama ya inshuwalansi ya chipatala mwezi ndi mwezi, afune asafune. Umboni wake ndi sitampa yomatidwa pa khadi, mwezi uliwonse kabokosi kake. Ine ndinkafunsa kuti, munthu wosadwaladwala, mlendo wochokera ku Zomba, ndilipirirenji bedi limene sindidzagonapo? Yankho silinabwere ngakhale limodzi.

Ku ofesi kwathu ankamata masitampawo mopendekeka ngati mano a ng'ona, choncho ndinawalanda ntchitoyo. Ndimamata ndekha, ndi rula. Kudana ndi chinthu si chifukwa chochigwirira mosasamala.

Lolemba lapitali akazi anga, Anabanda, anagwa m'khitchini atagwira pamimba. Dokotala anati opaleshoni, tsiku lomwelo. Pa zenera lolembetsera odwala, kalaliki wachitsikana anafunsa m'Chiswahili, "Kadi iko wapi, mzee?" kutanthauza kuti, khadi lili kuti, madala? Ndinatsegula envelopu n'kuyala makhadi onse asanu ndi limodzi. Anawayang'ana, kenaka anaitana mnzake kuti adzaone.

"Abambo ake Tamanda," Anabanda anabuula ali pa benchi, "ine ndikutha kuno, inu mwatsegula chionetsero?"

"Pirirani amayi, akuwerenga."

"Mukadzandiika, mudzasungenso lisiti la bokosi."

"Limenelo ndiye lidzakhala pamwamba."

Anaseka, kusekako kunawapweteka, ndipo anamwino anawatenga. Kalaliki anadinda pepala n'kunena kuti gawo lalikulu la mtengo wa bedi lilipiridwa ndi thumba la inshuwalansi.

Ndinakhala pansi. Owerenga anga, mukundidziwa: sindidabwa kawirikawiri. Koma apa ndinadabwa. Ndani akugoneka mkazi wanga pa bedi loyera chonchi? Mphunzitsi wa ku Kisumu. Wantchito wa padoko ku Mombasa. Kalaliki wa ku Nyeri amene sadziwa n'komwe kuti Zomba ili mbali iti. Kwathu timasonkha pamaliro, ndipo amalengeza mayina kuti onse amve amene wapereka. Kuno dziko lonse limasonkheratu munthu asanadwale, popanda womulengeza, popanda womuthokoza. Ine ndinatha zaka zisanu ndi chimodzi ndikulembera makalata otsutsa chifundo choterechi.

Ndili chikhalire, pa zenera panafika bambo wina wa fumbi m'tsitsi, woyendetsa lole ya miyala ku Rongai. Dzina ndinalimva kalaliki akuwerenga: Otieno. Akazi awo anali oyembekezera, atatsamira khoma, miyendo itatupa. Khadi lawo linali ndi mabokosi atatu opanda kanthu.

"Miyezi itatu iyi, baba?"

"Lole inafa. Bwana anati tikhale kunyumba."

"Bwenzi mutagula nokha masitampa."

"Mwananga, ndikanagula sitampa kapena ufa?"

Kalaliki anati popanda masitampawo alipire okha ndalama yolowera. Ndinaimirira. Ndinayang'anitsitsa sitampa za a Otieno: mtundu womwewo, mtengo womwewo ndi zanga. Ine wa ofesi ya makapeti, iwo ogona pansi pa lole, sitampa imodzi! Imene kwa ine ndi tiyi wa masiku ochepa, kwa iwo ndi chakudya cha banja.

Apa ndinachita chopusa, ndipo ndikuvomera. Ndinakankhira makhadi anga akale pa zenera.

"Awa sindinawagwiritsepo ntchito. Matulanipo atatu muwamatire bambowa."

Kalaliki anaseka mpaka kugwira pakamwa. "Mzee, sitampa ikamatidwa yamatidwa. Ndipo anu mwamata bwino moti ngakhale nthunzi singawachotse."

A Otieno anandigwira chanza ndi manja awiri. Ndalama imene inali m'thumba mwanga ndinawapatsa, koma inangokwana yokwerera matatu, timabasi ting'onoting'ono ta kuno. Anagwiriziza akazi awo, ulendo wa ku chipatala cha boma, kumene mzere umayambira panja. Sindikudziwa ngati anapeza bedi. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lole ya aliyense imatha kufa.

Anabanda akupeza bwino. Dzulo anadandaula kuti phala lachepa mchere, ndiye kuti achira.

Tsopano kwa akuluakulu oyendetsa thumbali. Makalata anga khumi ndi imodzi aja ndikuwabweza. Muwaone ngati sanalembedwe. Ino ndi ya khumi ndi chiwiri. Ndikupempha mwaulemu kuti mufotokoze chifukwa chimene sitampa ya woyendetsa lole ili pamtengo umodzi ndi yanga, ndiponso chimene munthu wolipira mokhulupirika ayenera kuchita ntchito ikaima miyezi itatu. Ngati yankho n'lakuti yanga ikwere kuti ya a Otieno itsike, ndidzaimata ndekha, ndi rula.

Chonde yankhani polemba. Kope la kaboni ndasunga.