Ndinakana Bambo Anga Chifukwa cha Zitseko za Sitima

Inu owerenga, ine ndinakana bambo anga ondibereka pamaso pa anthu, iwo ali chiimire pomwepo, chipewa chili m'manja. Sindinaledzere ndipo palibe anandilodza. Ndinangoopa manyazi, ndiye ndinawasenzetsa munthu amene sanalakwe.

Kwathu ndi ku Lizulu, ku Ntcheu, komwe bambo ankapala matabwa kuyambira ndisanabadwe. Shedi yawo ili pamtunda, kuseri kwa msika. Miyezi yozizira nkhungu imadzaza chigwa chonse mpaka minda ya mbatata kusowa, mapiri okha n'kumayandama pamwamba. Ndili mwana ndinkakhala pa mulu wa utuchi n'kumati nkhunguyo ndi nyanja, shedi yathu ndi sitima. Bambo ankaseka, n'kundifunsa kuti lero tikocheza kuti. Tonse awiri nyanja yeniyeni tinali tisanaionepo.

Maloto amenewo ndinakula nawo. Nditamaliza maphunziro ndinayamba ntchito yokongoletsa mkati mwa nyumba ndi mahotela, kusankha utoto, makatani, mipando ndi nyali. Kenaka kampani ina yokonzanso sitima zakale kunyanja inanditenga kuti ndizikonza maonekedwe a zipinda za apaulendo. Ndinkayenda m'sitima yogumulidwa mkati, dzimbiri lokhalokha, koma m'maso mwanga ndikuona kale makoma oyera, makatani akuuluka pang'onopang'ono, madzi akunyezimira padenga. Anzanga ankati ndimayenda ngati munthu wolota masana, ndipo sankanama.

Ntchito yanga yoyamba yaikulu inali sitima yonyamula alendo, ya zipinda khumi ndi ziwiri. Ndinafuna zitseko za mlombwa, ndipo wozipanga ndinkamudziwa. Kukampani ndinangoti ndili ndi mmisiri wabwino ku Ntcheu. Zoti ndi bambo anga sindinanene, poopa kuti adzati ndakondera, ndipo poti ndimadziwika ndi dzina la amuna anga, palibe anaganizira. Nditawauza bambo za ntchitoyo anafunsa ngati adzaloledwe kukweramo. Ndinawalonjeza kuti ulendo woyamba adzakhala m'chipinda cha kutsogolo.

Bambo ali ndi kachitidwe kawo. Akamapanga chitseko amasiya mpata pakati pa chitsekocho ndi felemu, woti mulowe kamtengo ka machesi. Kamtengoko kamakhala kukhutu kwawo ngati pensulo. Amati thabwa silifa, likamwa chinyontho limafufuma, ndiye umalisiyira pofufumira. Ine pa mapulani anga mpata umenewo ndinauchotsa. Ndinkafuna kuti chitseko chikatsekedwa chizisowa m'khoma, monga ndinkaonera pa zithunzi za sitima zakunja.

Anandilangiza modekha. Anati kuno kumtunda mphepo ndi youma pomwe kunyanja ndi kwa chinyontho, choncho mpata uyenera kukula, ndipo matabwawo akagone kudoko milungu ingapo kuti azolowere. Ine ndi sukulu yanga ndinawayankha kuti, “Ababa, izi si zitseko za khitchini ya kumudzi. Ingopangani zomwe zajambulidwa.” Anachotsa kamtengo kaja kukhutu n'kukaika m'thumba la malaya.

Zitsekozo zinali zokongola, sindiname. Tinazikhoma mu Okutobala, kunja kuli gwa, ndipo zinkatsekeka popanda ndi phokoso lomwe. Mvula itayamba zinayamba kulimba. Ndinadziwa chomwe chikuchitika, koma m'malo moulula ndinazipaka kandulo m'mbali n'kuzisiya zotsegula, ndikudzinamiza kuti dzuwa likawala zibwerera.

Tsiku loti mwini sitima adzaione linafika mu Januwale. Bambo anabwera pa lole ya mnansi wathu wina amene amapita ndi kabichi kunyanja, atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Anaima padoko nthawi yaitali akuyang'ana madzi, n'kundinong'oneza kuti, “Ndi yaikuludi, mwanawe.” Ndinawapempha kuti pamaso pa mabwana asanditchule mwana wawo, ndipo anangogwedeza mutu.

Mwini sitima anabwera ndi mayi ake okalamba, odwala mphumu. Tikuzungulira, mayiwo analowa m'chipinda china kukapumula, ndipo wantchito wina anawakankhira chitseko mwamphamvu kuti chitsekeke. Mayiwo atafuna kutuluka, chitseko chinakana. Tinakankha, tinakoka, koma ayi. Mkatimo mayi aja anayamba kubanika, tikuwamva akumenya thabwa ndi chikhatho, kumenyako kukunka kuchepa. Amuna atatu anachita kuswa chitsekocho ndi chitsulo. Anawatulutsa ali moyo, koma atalefukiratu. Poyesa zitseko zina, zisanu ndi ziwiri zinapezeka chimodzimodzi.

Mwini sitima ananditembenukira n'kufunsa kuti walakwitsa ndani. Inu owerenga, pakamwa panga panatuluka mawu awa: “Bwana, mapulani anali bwino. Mmisiri wa kumudziyu ndiye sanatsate miyeso.” Bambo anavula chipewa. Anandiyang'ana kamodzi kokha, kenaka anati, “Zoona bwana, ndalakwitsa ndine. Madamuwa musawavute.” Alonda anawatulutsa padoko ine ndikuona. Sitima ija inayenda patapita mwezi, ndi zitseko zina, iwo osakweramo.

Ntchito yanga inapulumuka, koma dzina la bambo linafa. Mnansi wa lole uja anaona zonse, ndipo nkhani inafika ku Lizulu kabichi asanathe kugulitsidwa. Anthu anayamba kunena kuti mdala uja manja atha, anatsala pang'ono kupha munthu. Mabenchi a kutchalitchi omwe anali atawalonjeza anapatsidwa mmisiri wina. Wofuna bokosi kapena kabati ankadutsa pashedi pathu ngati sakupaona. Chaka chisanathe bambo anatseka shediyo n'kuyamba kulima.

Ine tulo ndinalibe, chakudya sichinkakoma. Patapita chaka ndinalimba mtima n'kukaulula zonse kwa mwini sitima. Anandiyang'ana modabwa, nkhaniyo anali ataiwala kale. Apo m'pamene ndinazindikira kuti komwe dzina la bambo linafera si kudoko ayi, koma kwathu. Ndinakwera minibasi kupita ku Lizulu, ndinawapeza kumunda akupalira mbatata, ndinagwada m'mizere momwemo. Ndinawauza kuti Lamulungu ndidzaimirira m'tchalitchi n'kuuza mpingo wonse kuti analangiza bwino, wokana ndi wonama ndinali ine.

Anatsamira khasu, n'kupukusa mutu. “Usadzayerekeze, mwanawe. Dzina la mmisiri wolephera ndinalinyamula dala. La bambo wa mwana wabodza ndiye sindingalithe.”

Inu amene munaphunzira ndi thukuta la makolo, musamayese kuti pepala lojambulidwa bwino limadziwa kuposa manja amene agwira ntchito zaka makumi anayi. Munthu wamkulu akakuuzani chinthu cha ntchito yake, funsani chifukwa musanamutseke pakamwa. Ndipo mukalakwitsa, vomerani pomwepo, manyazi akadali anu. Mukawasenzetsa munthu amene amakukondani, adzawalandira ndi manja awiri, ndipo tsiku lomwe mudzawafune kuti muwatenge, adzakana kukubwezerani. Bambo anga akadali moyo, akulima mbatata, ndipo ku Lizulu mpaka lero anthu akudziwa kuti analakwitsa ndi iwo.