Wosenza bokosi mu filimu ya nkhondo

Salaamu nonse abale anga.

Lero masana kuno ku Balaka kunali kamkangano. Ndinabwera ndi disiki ya filimu yakale ya nkhondo ya azungu, yomwe ija anatiwonetsa pasukulu kwa Kawinga nthawi ya chipani chimodzi, titaonetsa makadi pakhomo.

Isanafike pakati, mwana wanga Mariamu anazimitsa. Akuti, "Ababa, filimu iyi ikutinyoza. Olimba mtima onse ndi azungu. Akuda angokhala onyamula katundu, opanda ndi dzina lomwe."

Sakunama mwanayu. Malemu bambo athu anamenya nkhondo imeneyo mfuti ili m'manja, koma mufilimumo mulibe wakuda wogwira mfuti.

Amayi athu anati, "Iyayi, yatsa. Sanadutse."

Anayatsa. Tinadikira mpaka anadutsa munthu wakuda atasenza bokosi, akutsimphina mwendo wamanzere. Amayi analoza nati, "Bambo anu ankayenda choncho atabwerako."

Si iwo, Amayi akudziwa. Koma nonse mukudziwa kuti chithunzi cha bambo tilibe.

Mariamu anangobwezera filimuyo pamalo omwewo katatu, atakhala pafupi ndi agogo ake.

Filimu yonseyo ndilibe nayo ntchito. Ndani mwa inu amatha kudula kachigawo kameneka kokha, tiwaikire Amayi mufoni?